Mawu a DJ akuthawa milomo, ma voice note akukana kulowa mu Premiere

Wa ku Turffontein:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi vidiyo ya ukwati umene unachitika Loweruka ku Rosettenville, eni ake akuifuna Lachisanu. Ndikudula pa pulogalamu ya Premiere Pro, Windows 11, sequence ya 25 fps (ma frame kapena kuti zithunzi 25 pa sekondi). Achibale akumudzi anatumiza mafuno abwino pa WhatsApp, ma voice note 14, onse ndi .opus ndipo Premiere ikuwakana. Kamera yachiwiri inajambula mafayilo a .MTS, chithunzi chikuoneka koma mawu zii. Chondivuta kwambiri ndi MP3 imene a DJ anajambula pa mixer: poyambira ikugwirizana bwinobwino ndi milomo, koma pofika mphindi 50 yasiyana pafupifupi masekondi awiri.

Wa ku Yeoville:
Aise, ma .opus'wo ingosintha dzina, ulembe .mp3 kumapeto. Akakana, uwaponye pa webusaiti yosinthira mafayilo, utenge MP3 ya bitrate ya 320 kbps.

Wa ku Mayfair:
Ayi achimwene, musatero. Kusintha dzina kuli ngati kulemba kuti "mchere" pa chitini cha shuga, zam'kati sizisintha. Mkati mwa fayiloyo muli Opus yokutidwa mu Ogg. VLC, pulogalamu yoonerera mavidiyo, iiwerengabe chifukwa imayang'ana zam'kati, koma Premiere ikana, kapena ilowetsa fayilo yopanda mawu.

MP3 ya 320 nayonso si mankhwala. Voice note ndi mawu opanikizidwa kale kwambiri, zina zinatayidwa pa foni pomwepo. Mukaisandutsa MP3 mwapanikiza kachiwiri, pa export mupanikizanso kachitatu kupita ku AAC, mtundu wa mawu a mu MP4. Apa m'pamene "s" aliyense amayamba kulira ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni. Komanso mauthenga a banja la eni sitiwakweza pa mawebusaiti osadziwika.

Chilichonse chopanikizidwa chisanduke WAV (fayilo ya mawu osapanikizidwa) ya 48 kHz chisanafike pa timeline. Ikani ffmpeg, pulogalamu yosinthira mafayilo a mawu ndi vidiyo, ndi yaulere. Tsegulani Command Prompt mu foda ya ma voice note, lembani:

for %f in (*.opus) do ffmpeg -i "%f" -ar 48000 -c:a pcm_s24le "%~nf.wav"

Onse 14 atha musanamalize kapu ya tiyi. Mukaika mzerewu mu fayilo ya .bat, % aliyense alembedwe kawiri. WAV sibwezeretsa zimene zinatayika, ikungoletsa kuti zisatayikenso zina.

Wa ku Yeoville:
Zamveka achemwali. Koma ena ffmpeg imatiopsa. VLC singachite zomwezo?

Wa ku Mayfair:
Imachita, pa Media, kenako Convert/Save. Koma pali msampha: profile yolembedwa Audio - CD imatulutsa WAV ya 44.1 kHz. Dinani kasipanala kali pambali pakepo, pitani pa Audio codec, sinthani sample rate ikhale 48000. Mukaiwala, Premiere iisinthabe yokha poilowetsa, koma ndi bwino zonse zikhale pa muyezo umodzi kuyambira pachiyambi, makamaka ntchitoyo ikadzapita kwa wina wogwiritsa Resolve kapena Pro Tools.

Wa ku Kempton Park:
Ine ndiyankhe za MP3, chifukwa apo m'pamene pagona nkhani. Musanakonze, dziwani mtundu wa kusiyanako. Ikani marker pamalo anayi pamene pali phokoso lakuthwa, monga kuwomba m'manja kapena a MC akagogoda maiki: pa mphindi 1, 15, 30 ndi 50. Werengani ma frame amene mawu asiyana ndi chithunzi pamalo aliwonse.

Ngati nambala ili yofanana paliponse, frame imodzi kapena iwiri, palibe choopsa. Ma encoder a MP3 ndi AAC amaika kachidutswa ka chete kumayambiriro. Pa MP3 yopangidwa ndi encoder ya LAME kuchedwako kumakwana ma sample 1105, pafupifupi mamilisekondi 25 pa 44.1 kHz. Pa AAC ya Apple ndi ma sample 2112, mamilisekondi 44 pa 48 kHz, kupitirira pang'ono frame imodzi ya 25 fps imene ndi mamilisekondi 40. Mumangokankha clip yonse kamodzi, basi.

Ngati ikukula mwadongosolo, mwachitsanzo ma frame 2, kenako 5, kenako 8, ndi mawotchi. Kamera ili ndi kristalo yake, mixer ili ndi yake, ndipo sizigunda mofanana ndendende.

Ngati ikudumphadumpha, pena kutsogola, pena kutsalira, kapena mukatseka pulojekiti n'kutsegulanso yasuntha, ganizirani VBR, kutanthauza variable bitrate. MP3 ya variable bitrate ilibe kukula kofanana pa sekondi iliyonse, choncho pulogalamu imadalira kamutu ka fayilo kuti idziwe kutalika ndi pofikira. A DJ akazula flash asanaimitse record, kapena magetsi akathima, kamutuko sikalembedwa bwino, ndiye pulogalamu imangoyerekeza.

Ena athamangira kunena kuti vuto ndi kusiyana kwa sample rate, 44.1 kHz ndi 48 kHz. Si zimenezo. Fayilo ya 44.1 ikawerengedwa ngati ya 48, ola limodzi limafupika kufika mphindi 55, ndipo abusa amamveka mawu okwera ngati a mnyamata. Masekondi awiri pa mphindi 50 ndi ochepa kwambiri pa vuto limenelo, komanso ndi ochuluka kuti akhale a mawotchi okha. Tsegulani fayiloyo mu MediaInfo, pulogalamu yoonetsa zam'kati mwa fayilo, mutiuze zimene zalembedwa pa Bit rate mode.

Wa ku Turffontein:
Madala mwalasa. Yalemba Variable, 44.1 kHz. Pa ma marker ndapeza 0, 11, 9, 47.

Wa ku Kempton Park:
Mwaona, 11 kubwerera pa 9. Wotchi sibwerera m'mbuyo. Chitani izi:

ffmpeg -i dj.mp3 -ar 48000 -c:a pcm_s24le dj.wav

ffmpeg imawerenga fayilo yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, siyerekeza. Kenako mu Project panel dinani MP3 ija ndi batani lakumanja, sankhani Replace Footage, lozani pa WAV. Zimene munadula zikhalabe, koma muyang'anenso podula paliponse, chifukwa munkadula potsatira nthawi yabodza. Musanatsegule pulojekiti, fufutani Media Cache kudzera pa Edit, Preferences, Media Cache. Mafayilo a .cfa ndi .pek akale amatha kukuonetsani waveform ya dzulo pa mawu a lero.

Malo pa disiki: WAV ya stereo, 24-bit, 48 kHz imadya pafupifupi 17 MB pa mphindi, kungopitirira 1 GB pa ola. WAV wamba imathera pa 4 GB, ndipo flash ya FAT32 nayo silandira fayilo yoposa pamenepo. Phwando likapitirira maola atatu ndi theka, iduleni pawiri kapena mugwiritse pcm_s16le.

Wa ku Mayfair:
Za .MTS tisaziiwale. Makamera ambiri a AVCHD, amene amatulutsa .MTS, amajambula mawu mu Dolby Digital, imene imatchedwanso AC-3. Premiere ya masiku ano imadalira Windows kuti iwerenge AC-3, ndipo Windows 11 ya 24H2 ikaikidwa mwatsopano sibwera nayo codec imeneyi. N'chifukwa chake fayilo yomweyo imalankhula pa kompyuta yakale, pa yatsopano n'kukhala duu. Chithunzi musachikhudze, sinthani mawu okha:

ffmpeg -i 00001.MTS -c:v copy -c:a pcm_s16le -sn 00001.mov

Mawu akuti copy akutanthauza kuti vidiyo ikungosamutsidwa mmene ilili, siikupanikizidwanso, ndiye sizitenga nthawi.

Koma samalani ngati kamera inajambula ulaliki wonse osaima. Imadula yokha fayilo ikakula, n'kupitiriza pa 00002. Mukasintha iliyonse payokha, polumikizira pamasowa timawu pang'ono ndipo zonse zotsatira zimasuntha. Yambani mwazilumikiza:

copy /b 00001.MTS+00002.MTS ulaliki.MTS

kenako musinthe ulaliki.MTS. Ndipo pokopera kuchokera pa khadi, tengani foda yonse ya PRIVATE, osati kutolamo ma .MTS okha.

Wa ku Turffontein:
Ma voice note alowa onse, ma .mov akulankhula. WAV ya a DJ tsopano ikupereka 0, 2, 5, 8. Koma ikumveka khutu lakumanzere lokha.

Wa ku Kempton Park:
Imeneyo ndiye wotchi yeniyeni tsopano. Ma frame 8 ndi masekondi 0.32 pa masekondi 3000, kutanthauza pafupifupi 0.01 peresenti. Gwirizanitsani poyambira, dulani clip pa marker yomaliza, dinani R kuti mutenge Rate Stretch, kokani kumapeto mpaka kuwomba m'manja kuja kugwere pa frame yake. Kusintha kochepa chonchi khutu silingakumve. Ngati simukufuna kukoka, dulani pamene pali chete mphindi 6 zilizonse n'kusuntha frame imodzi. Ine ndimakonda kukoka, chifukwa pa perekaniperekani chete sapezeka. Yatsani Show Audio Time Units pa menyu ya timeline kuti muzisuntha mochepera frame.

Za khutu limodzi, a DJ analumikiza chingwe chimodzi. Ikani effect ya Fill Right with Left.

Wa ku Yeoville:
Nanga tima clip ta pa foni timene alendo amatumiza? Nato timathawa milomo ngakhale mawu ndi a mufoni momwemo.

Wa ku Mayfair:
Pamenepo wolakwa si mawu, ndi chithunzi. Foni imasintha frame rate yokha, makamaka mu holo ya mdima. Clip'yo ipititseni mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mavidiyo, pa Video sankhani 25 ndi Constant Framerate, pa Audio ikani AAC Passthru kuti mawu asapanikizidwenso. Ngati ndi ya 30 fps, kuitsitsa pa 25 kuchititsa kuti ovina azioneka ngati akudukiza pang'ono, ndiye musaigwiritse pa shot yaitali.

Wa ku Turffontein:
Ndakoka, marker yomaliza yagwera pa 0. Export ndiika H.264, mawu AAC, 48 kHz, 320 kbps. Zikomo akuluakulu.

Wa ku Kempton Park:
Tulutsaninso WAV ya mix yonse muisunge pambali. Eni ukwati akadzafuna kachidutswa ka pa status, mudzadule kuchokera pa timeline kapena pa WAV imeneyo, osati pa MP4 yomalizidwa.