Rotameter ikuti 20, sikirini ikuti 28: vuto lili pati?

Mphunzitsi wa ku koleji:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi vuto pa rig yathu yophunzitsira flow, ndipo Lolemba ana a chaka choyamba ali ndi practical pomwepo. Rig yake mukuidziwa: thanki, pampu, orifice plate (chitsulo chathyathyathya chokhala ndi bowo pakati) pa paipi, DP transmitter (chida choyeza DP, kusiyana kwa pulesha mbali ziwiri za plate) ya waya ziwiri ya 4 mpaka 20 mA, kenako PLC (kakompyuta kowongolera makina) ya Siemens S7-1200 ndi kasikirini kake. Patsogolo pa valavu yowongolera madzi pali rotameter, chubu choonekera mkati chokhala ndi float yoonetsa kuchuluka kwa madzi akudutsa. Range ndi malita 0 mpaka 40 pa mphindi, DP yake 0 mpaka 25 kPa.

Transmitter yakale inafa mwezi wathawu, madzi analowa m'mutu mwake. Fakitale ina imene imatitengera ana pa attachment inatithandiza ndi ina imene inagwirapo kale ntchito. Ndinaimanga ndekha, zero ndi span (malire a pansi ndi a pamwamba a range) ndinaika ndi mabatani ake. Pampu ikazima, sikirini ikuti 0. Ndikatsegula mpaka rotameter ifike 40, sikirini nayonso 40. Koma pakati ponsepa zikusemphana. Rotameter ikakhala pa 10, sikirini ikuti 20. Pa 20 ikuti 28. Pa 30 ikuti pafupifupi 35. China n'chakuti ndikaika loop pa auto ndi setpoint (flow imene ndikufuna) yotsika, valavu sikukhazikika, ikungotseguka ndi kutsekeka. Setpoint ikakwera, ikuyankha mwaulesi. Ndiyambire pati?

Mnyamata wa pa attachment:
Aphunzitsi, mwina mu ma impulse line, timapaipi tochokera pa plate kupita ku transmitter, muli mpweya. Kuno tinakumana nazo sabata yatha, titatulutsa mpweya pa vent zonse zinakhala bwino.

Mayi wa ku malo oyeretsera madzi:
Maganizo abwino mwanawe, koma taona manambala a aphunzitsiwo. Mpweya ukatsekeka mbali imodzi, umaoneka ngakhale pampu itazima, zero imasuntha. Apa zero ili m'malo. Komabe kutulutsa mpweya sikulipira, achite kuti tichotse chikaiko. Aphunzitsi, pa manifold (mavalavu a pa transmitter aja) tsekani valavu ya mbali ya low, tsegulani equalizer (yolumikiza mbali ya high ndi ya low), tsekani ya high, muone ngati mukupeza 4 mA yeniyeni. Pobwezera tsegulani ya high pang'onopang'ono equalizer ikadali yotsegula, tsekani equalizer, ndiye mutsirize ndi ya low.

Funso langa ndi ili: mukukhulupirira rotameter chifukwa chiyani? Ma rotameter a m'makoleji ambiri ndi okalamba, mkati muli ndere, float imakakamira.

Mphunzitsi wa ku koleji:
Mayi, mwanena zoona, inenso ndinaikaikira. Ndinatenga chidebe cha malita 20 ndi wotchi ya pa foni. Rotameter ili pa 20, chidebe chinadzaza pa masekondi 61. Ndinabwereza katatu, kusiyana kwake sekondi imodzi kapena ziwiri. Ndiye rotameter ikunena zoona. Mpweya ndatulutsa tsopano lino, equalizer ikatseguka ndikupeza 4.01 mA.

Mnyamata wa pa attachment:
Nanga orifice plate sinatembenuke pomanga?

Mkulu wa ku fakitale ya shuga:
Ayi mphwanga. Plate ikatembenuka, mbali yosemedwa ija n'kuyang'ana kochokera madzi, DP imachepa ndipo mita imawerenga pansi. Apa ikuwerenga pamwamba. Komanso aphunzitsi sanakhudze plate, anangosintha transmitter. Pofufuza vuto uziyamba wafunsa chimene chasintha kuchokera tsiku limene zinthu zinali bwino.

Aphunzitsi, musamasule kanthu kena. Ikani rotameter pa 20, muike multimeter mu loop, mundiuze ma mA. Chokhacho basi.

Mphunzitsi wa ku koleji:
Ndayeza akulu. Ndi 12.05 mA.

Mkulu wa ku fakitale ya shuga:
Wagwidwa. Square root ikuchitika kawiri.

Ndifotokoze bwino chifukwa muno muli achinyamata ambiri amene akuwerenga mwakachetechete. Pa orifice plate, DP simakwera mofanana ndi flow. Flow ikawirikiza kawiri, DP imawirikiza kanayi. Ndiye flow ya 50 peresenti imabala DP ya 25 peresenti yokha, pa rig yanuyo ndi 6.25 kPa. Transmitter ya linear pamenepo ikanatulutsa 8 mA, chifukwa kota ya 16 ndi 4, kuphatikiza 4 ya live zero, ma mA amene amatuluka flow ili pa 0. PLC ndiyo imatenga 25 peresenti ija, n'kuchita square root, n'kupeza 50. Transmitter yanu yakale inkayenda chonchi, ndipo amene analemba pulogalamu ya PLC anaika square root mmenemo.

Tsono yatsopanoyi yatulutsa 12 mA, osati 8. Kutanthauza kuti yachita kale square root mkati mwake, kumene inachokera anaiika choncho. PLC sikudziwa, ikulandira 50 peresenti n'kuchitanso square root. Square root ya 0.5 ndi 0.707, kuchulukitsa ndi 40 ndi 28.3. Si nambala yanu imeneyo? Yesani enawo. Malita 10 ndi 0.25, square root yake 0.5, ndiye 20. Malita 30 ndi 0.75, square root yake 0.866, ndiye 34.6. Onse atatu akulowa.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti square root ya 0 ndi 0, ya 1 ndi 1. Ukayeza pansi ndi pamwamba pokha umaona ngati zonse zili bwino, n'kusayina pepala. N'chifukwa chake timaumirira kuyeza malo asanu, 0, 25, 50, 75 ndi 100, pokwera komanso potsika. Ndipo mabatani a zero ndi span amangosuntha malire a range, sakhudza zoti output ikhale linear kapena square root.

Wa ku migodi, Kitwe:
Ndikugwirizana ndi akulu, koma tisatseke mlandu tisanatsimikize mbali zonse ziwiri. Nambala imodzi ya 12 mA ikhozanso kutuluka ngati span inalakwika. Ndikudziwa kuti pa 40 zikugwirizana, komabe yezani transmitter payokha. Muli ndi HART communicator, kachida kolankhula ndi transmitter kudzera pa waya za loop? Ngati ilipo, onani transfer function (ngati output ili pa linear kapena pa square root), mphindi imodzi mwamaliza. Mungokumbuka kuti mu loop mukhale resistor ya 250 ohm, apo ayi siyankhula.

Mphunzitsi wa ku koleji:
Communicator tilibe achimwene, ndi hand pump yomwe tilibe. Span ndinaika ndi paipi ya pulasitiki yoonekera mkati, ndinaikhomera pakhoma n'kudzaza madzi kufika mamita 2.55 pamwamba pa transmitter, mbali ya low ili yotsegula ku mpweya.

Wa ku migodi, Kitwe:
Imeneyo ndi calibrator yokwanira. 1 kPa ndi madzi otalika pafupifupi mamilimita 102. Bwezeretsani paipi ija ku mbali ya high, muthire madzi kufika mamilimita 637, ndiyo 6.25 kPa. Ikati 8 mA ndi ya linear ndipo tifufuza kwina. Ikati 12 mA, akulu awina. Muyesenso pa mamilimita 1,275, theka la range: linear ipereka 12 mA, square root ipereka pafupifupi 15.3. Poyeza kutalika muyambire pakati pa thupi la transmitter pamene pali diaphragm, osati pansi pa simenti, ndipo zero muitsimikize madzi ali pa mulingo womwewo.

Mbali ya PLC, lowani online mu TIA Portal, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ma PLC a Siemens. Pa 12 mA nambala yolowa izikhala pafupifupi 13824, theka la 27648. Tsatirani nambalayo kudutsa NORM_X (block yoisandutsa 0 mpaka 1), muone ngati pali SQRT (block ya square root) musanafike pa SCALE_X (block yoisandutsa malita).

Mphunzitsi wa ku koleji:
Ndabwera. Pa mamilimita 637 ndapeza 11.98 mA. Pa 1,275 ndapeza 15.3. Mu pulogalamu SQRT ilipodi, pakati penipeni pa NORM_X ndi SCALE_X. Zikomo kwambiri akuluakulu, masiku atatu ndakhala ndikulimbana nazo.

Nanga za valavu yosakhazikika ija, n'chimodzimodzi kapena ndi vuto lina?

Mayi wa ku malo oyeretsera madzi:
N'chimodzimodzi. Ganizirani chimene controller ikuona. Flow yeniyeni ikachoka pa 5 peresenti kufika pa 10, sikirini ikudumpha kuchoka pa 22 kufika pa 32. Madzi asuntha ndi 5, controller yaona 10, ndiye ikukankha valavu mopitirira muyeso, kenako n'kubweza. Kumtunda ndi zosiyana: madzi akachoka pa 90 kufika pa 95, sikirini ikungochoka pa 94.9 kufika pa 97.5. Controller ikuona theka lokha la zimene zachitika, n'chifukwa chake ulesi uja. Gain ya loop yonse ikusintha malinga ndi pamene muli. Mukachotsa square root imodzi zikhazikika, pokhapokha ngati munasinthako manambala a PID (ochunira controller) masiku atatuwa pofuna kuziziritsa valavu. Ngati munasintha, bwezerani akale.

Mphunzitsi wa ku koleji:
Ndinasinthadi, gain ndinatsitsa. Mwamwayi akale ndinalemba m'kope. Tsono ndichotse iti, ya mu transmitter kapena ya mu PLC?

Mkulu wa ku fakitale ya shuga:
Popeza communicator mulibe, yankho la lero ndi kuchotsa ya mu PLC. Ndipo ine ngakhale communicator ikanakhalapo ndikanasiya ya mu transmitter. Chifukwa chake nachi. Flow ikakhala pa 10 peresenti, DP ndi 1 peresenti yokha. Pa linear imeneyo ndi 4.16 mA, kachidutswa ka 0.16 pamwamba pa zero. Kaphokoso kakang'ono pa waya, kapena card ya analog itasokonekera pang'ono, PLC ichita square root pa cholakwikacho n'kuchikuza. Transmitter ikachita yokha, imawerengera mkati isanatumize, ndipo pa waya pamayenda 5.6 mA, nambala yoti card iwerenga bwinobwino. Komanso mmisiri akafika ndi multimeter usiku, 12 mA ndi theka la flow, palibe kuwerengera.

Mayi wa ku malo oyeretsera madzi:
Pa fakitale ndikuvomereza akulu, koma iyi ndi koleji. Ine ndikanakonda transmitter ikhale ya linear kuti mwana aone ndi maso ake kuti theka la madzi labala 8 mA, adabwe, afunse chifukwa chake. Square root ikabisika mu transmitter, mwanayo amaliza chaka chonse akuganiza kuti orifice plate imayeza flow, pamene imangobala kusiyana kwa pulesha. Ana oterewa timawalandira pa attachment. Ukamufunsa kuti 12 mA pa DP ya linear ndi flow yanji, amati 50, pamene ndi 71. Vuto si la mwanayo, sanaonetsedwe.

Komanso kwathu kuno ambiri timaika mu PLC dala, chifukwa transmitter ikafa timatenga iliyonse ya mu stores n'kuika range basi. Zambiri zimabwera zili pa linear pokhapokha wogula atapempha zina.

Wa ku migodi, Kitwe:
Njira zonse ziwiri zimagwira, ndagwirapo ntchito pa malo a mitundu yonse iwiri. Chofunika n'kulemba. Pa loop sheet palembedwe kumene kuli square root, ndipo pa transmitter pomwepo pamangidwe katagi. Transmitter ya aphunzitsiyi ikanabwera ndi katagi, sakanataya masiku atatu.

Chinanso, mukachotsa SQRT muike low flow cutoff mu PLC, mwachitsanzo flow ikatsika pansi pa 5 peresenti iziwerengedwa 0. Apo ayi pampu itazima totaliser (yowonkhetsa malita onse odutsa) izingowerenga malita amene kulibe, chifukwa pafupi ndi zero square root imakuza kagwedezeke kalikonse. DP ya 0.1 peresenti yokha imaoneka ngati flow yoposa 3 peresenti.

Mnyamata wa pa attachment:
Pepani ndifunse nawo. Magnetic flowmeter nayonso imafuna square root? Kuno zilipo zambiri.

Mayi wa ku malo oyeretsera madzi:
Ayi. Mag imayeza liwiro la madzi mwachindunji, output yake imakwera mofanana ndi flow. Chimodzimodzi vortex ndi turbine. Square root ndi ya zida zimene zimadalira DP: orifice, venturi, flow nozzle, pitot. Ndipo usamale, DP transmitter yomweyo ukaiika poyeza level ya thanki izikhala ya linear. Transmitter ngati ya aphunzitsiyi itamangidwa pa level, thanki ili pa kota iziti ili pa theka, pampu n'kuyamwa mpweya operator akuona ngati madzi alipo.

Mphunzitsi wa ku koleji:
Ndamva mbali zonse, ndipo nazi zimene ndachita. SQRT sindinaifute. Ndaika bit imodzi yoilambalala, ndi batani lake pa sikirini lotetezedwa ndi password. Ikalambalalidwa, rotameter 10 sikirini 10.2, rotameter 20 sikirini 20.1, rotameter 30 sikirini 29.8. PID ndabwezera manambala akale, valavu yakhazikika pa setpoint ya malita 8 mpaka 35. Cutoff ndaika pa malita 2. Katagi ndamanga, loop sheet ndalemba.

Lolemba ndiwayatsira SQRT osawauza kanthu. Gulu lililonse ndilipatsa chidebe, wotchi, multimeter, tepi ndi paipi yoonekera ija. Adzaze tebulo la malo asanu, ajambule graph ya rotameter ndi sikirini, kenako andiuze kuti wabodza ndani. Ndikufuna ndione amene ayambe wayeza ma mA asanagwire sipanala.

Mayi, mfundo yanu ya linear sindinaitaye. Akulu a ku shuga, tsiku limene mudzabwere kudzaona ana a attachment, mungatitengereko communicator kwa ola limodzi? Ndikufuna asinthe transfer function ndi manja awo, aone 12 mA ikutsika kufika pa 8 madzi osasintha.

Mkulu wa ku fakitale ya shuga:
Ndidzabwera nayo, ndipempha chilolezo kwa abwana mawa. Munditumizire model ya transmitter ndi chithunzi cha nameplate kuti ndione ngati communicator yathu ili ndi DD yake, fayilo yoithandiza kuzindikira model imeneyo. Resistor ya 250 ohm mukonzeretu, pa card ya S7 pokha nthawi zina HART imavuta kugwira.