Gulu la banja: za kufamu kwa Ambuya ku Chongwe

Chisomo: Mwauka bwanji nonse. Ndafika dzulo usiku kuchoka ku Chongwe, ndinagonako masiku awiri. Zinthu sizili bwino kufamu. Nkhuku zafa 7 sabata imodzi chabe, zina zangozyolika pansi pa nkhokwe mapiko ali gwa, khosi lopindika, zitosi zobiriwira. Ambuya akuti ndi chitopa

Amake Chisomo: Mayo ine. Ndi nthawi yake iyi, kukatentha mu October chitopa sichiphonya mudzi. Zatsala zingati mwanawe?

Chisomo: Ndinawerenga 23 ndi anapiye omwe

Amalume: Nanga mnyamata wa ntchito uja akuchita chiyani?

Chisomo: Amalume mnyamata anachoka kale mu August, ati malipiro anachedwa miyezi iwiri, Ambuya sanafune kutiuza kuopa kutivutitsa. Manje zonse ndi okha. Amadzuka kusanache, atsegulire nkhuku, aziwazire gaga, atenge ndowa kupita kuchitsime maulendo anayi chifukwa ng'ombe ziwiri zija zimamwa kwambiri, kenako akamangirire mbuzi kudambo, pobwera alowe kudimba kuthirira repu ndi tomato. Ndinawaona akutula ndowa atagwira m'chiuno kupuma kaye, mpaka misozi inandilengeza. Sima yomwe amadya cha m'ma 15 hours

Amalume: Apa talakwa ndife, sitingakane. Malipiro aja tinagwirizana kuti tizisonkha ndipo tinagona

Amake Mwai: Ndiyambe ndi za nkhuku chifukwa sizidikira. Katemera sachiza nkhuku yodwala kale, amateteza zamoyo chabe, ndiye zodwalazo azipatule lero lomwe, zakufa akwirire dzenje lakuya osataya kutchire agalu azikokerakokera pamudzi. Lasota, katemera wa chitopa, ndigula ine ku shopu ya mankhwala a ziweto mtauni koma amafuna kuzizira, ndi malodi shedingi awa sindingamusunge nthawi yaitali, tigule tsiku lonyamuka tiike mu kula bokosi ndi ayisi. Nkhuku muzimane madzi m'mawa kuti zimve ludzu, kenako musungunule m'madzi a pachitsime osati a klorini, zimwe athe pasanathe maola awiri. Ndipo si kamodzi ayi, pakapita miyezi itatu tibwerezenso

Amake Chisomo: Ndiwaimbira amai masana ndiwauze zopatula. Koma foni yawo ija imazima zima

Chisomo: Ndinawatchajira, iitana. Chinanso ndi khola la mbuzi. Lili pansi ndipo mitengo yadyedwa ndi chiswe, mbali imodzi anangotseka ndi lata lakale. Mbuzi zilipo 11, zitatu zili ndi bere, Ambuya akuti zinakweredwa mu June ndiye zibereka mu November mvula ikuyamba

Atate a Mwai: Eya mbuzi ndi miyezi isanu. Ana akabadwira m'matope aja sakhala, chifuwa ndi kutsegula m'mimba, zazikulu nazo ziboda zimaola. Alamu timange khola lam'mwamba basi, kutalika ngati mita imodzi kuchoka pansi, timitengo ta pansi tisiye timipata kuti ndowe zizigwa koma mwendo wa kamwana usalowe. Manyowa ake tizikokolola kupita kudimba, feteleza wadula uyu. Malata 6 ndili nawo kuno ku Chilenje anatsala pomanga, misomali ndigula

Amalume: Zikomo alamu. Mitengo ndikambirana ndi a pafamu yoyandikana nayo ali ndi bulugamu

Atate a Mwai: Koma ndinene maganizo anga, musandimve molakwa. Bwanji tigulitse atonde awiri, ndalama yake ilipire mnyamata watsopano mpaka tikolole? Atonde atatu pa khola limodzi amangomenyana

Amake Chisomo: Iyayi alamu, mbuzi zija ndi za amai, si zathu zoti tizigamula pa foni. Mwaiwala 2024? Chilala chija chimanga chonse chinauma chisanamasule, mpaka a President Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko, ife kuno unga unativuta tokha, amai anadya chifukwa cha mbuzi zomwezi, kugulitsa imodzi kugula matumba a unga. Ndiyo banki yawo. Akafuna okha agulitse koma ife ana asanu tilephere kulipira munthu mmodzi zoona?

Atate a Mwai: Ndamva mlamu, ndabweza mawu

Amalume: Mlongo wanga wanena zoona. Tichite chonchi, nyumba iliyonse K300 pa mwezi, pasanafike pa 5, mutumize pa Airtel Money yanga ndipo ndizilemba pano amene watumiza kuti pasakhale kunong'onezana. Yoyamba tilipire ngongole ya mnyamata uja, anagwira ntchito ndipo ndalama yake ndi yake. A ku Kitwe ndikuona mukuwerenga, yankhaniko

Amake Mwai: Alongo musaiwale ng'ombe. Chisomo unaziyang'ana m'makutu?

Chisomo: Nkhupakupa zilimo amai aang'ono, m'makutu ndi pansi pa mchira, yofiira ija yaonda nthiti kuwerengeka

Amake Mwai: Ndiye tipopere tsiku lomwelo, denkete, nthenda ya ng'ombe ija, imabwera ndi nkhupakupa ndipo ikalowa ng'ombe imapita masiku ochepa. Mvula ikayamba ndi sabata iliyonse. Zikafa izi tilima ndi chiyani? Ndigulanso mankhwala a njoka zam'mimba, koma mbuzi za bere tifunse kaye a vetenale

Atate a Dalitso: Pepani ndinali pa shifiti. K300 ndatumiza manje manje onani, ndawonjezapo K200 ya misomali. Kubwera sindikwanitsa

Amalume: Yafika, zikomo. Tsiku likhale 24 October pa holide ya Independence. Alamu galimoto ilipo?

Atate a Mwai: Ilipo, mafuta tigawana. Tinyamuke 05:30 Great East Road isanadzaze, ndiyamba ku Matero kutenga inu, kenako Kalingalinga

Amake Chisomo: Ine ndibwera ndi kapenta, mafuta ophikira ndi shuga wa amai, ndiphikira omanga. Chisomo iwe utsalako mpaka mnyamata apezeke, sukulu mwatsekera

Chisomo: Chabwino amai. Wina abwere ndi sopo ndi nsapato za jombo, za Ambuya zinang'ambika chidendene

Amake Mwai: Saizi yanji?

Chisomo: 5