Anamondwe ndi ng'ambazi: vuto ndi mitengo yomwe tadula kapena utsi wa mayiko olemera?

Wakumudzi_Thondwe

Moni nonse akuluakulu. Pali nkhani yomwe ikundizunguza mutu, ndiye odziwa andimasulire. Pa wailesi ndi m'misonkhano ya kumudzi timauzidwa kuti nyengo yasintha chifukwa tatha mitengo ndi makala. Koma atsogoleri athu akapita kumisonkhano ya kunja amati olakwa ndi mayiko a mafakitale, ndipo atilipire. Enanso akuti ndi El Niño. Taonani anamondwe: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, kenako ng'amba ya 2024 yomwe inawaula chimanga chisanamasule. Zoona zake n'ziti? Titabzala mitengo phiri lonse la Soche, anamondwe angasiye kubwera? Nanga mlimi wa ekala imodzi atani, poti mvula yobzalira siikudziwikanso tsiku lake?

Wazanyengo

Achimwene, mwafunsa bwino. Apa pali zinthu zitatu zomwe timaziphikira mumphika umodzi, pomwe chilichonse chili ndi gwero lake.

Choyamba ndi kutentha kwa dziko lonse. Anthu akamawotcha malasha, petulo, dizilo ndi gasi, mpweya wa kaboni umakwera n'kukhala kumwambako zaka mazanamazana. Dzuwa limadutsa bwinobwino kudzawotcha nthaka ndi nyanja, koma kutentha kukamabwerera, mpweyawu umakutsekereza ngati bulangete. Mafakitale asanayambe, mumlengalenga munali magawo pafupifupi 280 a kaboni pa magawo 1 miliyoni aliwonse a mpweya. Lero apitirira 420. Izi si zongoganiza, amayeza mosalekeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii kuyambira 1958. Chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse zolembedwa, pafupifupi madigiri 1.5 pamwamba pa m'mene zinalili m'zaka za m'ma 1850 mpaka 1900.

Digiri imodzi imaoneka yaing'ono, koma mphepo ikatentha ndi digiri imodzi imatha kunyamula chinyezi chochuluka ndi 7 peresenti. Namondwe amabadwa ndi kudyera pa nyanja yomwe madzi ake afunda kufika madigiri 26 kapena 27. Nyanja ikafunda kwambiri, namondwe amamwa zambiri, ndipo zonsezo amadzakhuthula akagunda mapiri. Freddy anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anaoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar, analowa Mozambique, anabwereranso m'nyanja kukatenga mphamvu, n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Anakhala masiku 36, ndipo bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wolembedwa yemwe anakhalitsa chotero. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi, mvula yomwe madera ambiri amalandira dzinja lonse. Akatswiri sakunena kuti anamondwe akuchuluka chiwerengero ayi. Akuti omwe akubwerawo akubwera ndi madzi ambiri, ndipo amphamvu kwambiri akuchulukirapo.

Chachiwiri ndi El Niño. Ameneyu ndi wachilengedwe, analipo makolo athu asanaone galimoto. Pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, madzi a kum'mawa kwa nyanja ya Pacific amafunda kuposa nthawi zonse, ndipo mphepo zonyamula mvula zimasintha njira. Kuno zikatero, chigawo cha kummwera ndi mbali ya pakati kumachita ng'amba, pomwe kumpoto nthawi zambiri mvula imachuluka. Ndi zomwe zinachitika mu 2015/16 komanso mu 2023/24, pomwe Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi 2024. Gulu la akatswiri la World Weather Attribution litafufuza chilala chimenecho linapeza kuti mwini wake weniweni anali El Niño. Tisamakankhire chilichonse ku kusintha kwa nyengo. Chomwe kutentha kumawonjezera n'chakuti masiku khumi opanda mvula lero amaumitsa nthaka msanga kuposa masiku khumi a kale.

Chachitatu ndiye mitengo yathu. Kaboni wochokera ku Malawi ndi dontho chabe. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi makilogalamu 100 pachaka kuchokera ku mafuta ndi malasha, pomwe munthu wa ku America amapitirira matani 13. Choncho ngakhale titabzala Soche yense, namondwe abwerabe. Mitengo ntchito yake ndi kulamula zomwe madziwo achite akagwa.

Gogo_wa_Michesi

A Wazanyengo alongosola bwino, koma ndiwonjezere pa mitengopa, chifukwa ena akamva kuti "abwerabe" aziti ndiye tingodula.

Milimita imodzi ya mvula pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Mvula ya mamilimita 100 usiku umodzi ndi malita 1 miliyoni pa hekitala. Pa nthaka ya masamba ofunditsa ndi mizu, madzi ambiri amalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka Okutobala. Pa nthaka yambee, madontho amamenya dothi n'kutseka timabowo take, pamwamba pamachita chikhakha, madzi onse amathamangira kumtsinje nthawi imodzi atasenza dothi la pamwamba. Ndiye dothi lomwe likukwirira mitsinje ya Ruo, Mwanza ndi Shire. Mtsinje wodzala mchenga susowa mvula yambiri kuti usefukire. Ndi matope omwewo omwe amavutitsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima anthu a m'tauni amathamangira makala, makalawo n'kuchokeranso m'mapiri omwe amathira madzi mu Shire.

Koma tisanamizane. Napolo si wa lero. Anatsika ku Zomba mu Disembala 1946, mitengo idakali yambiri, anatsikanso ku Phalombe kuchokera m'phiri la Michesi mu Malichi 1991. Mizu imagwira dothi la pamwamba, mita imodzi kapena ziwiri. Mvula ikagwa masiku atatu osalekeza, madzi amafika pomwe dothi lakhala pa thanthwe, pamenepo pamaterera, ndiye chilichonse chimatsika: dothi, miyala yaikulu ngati nyumba, ndi mitengo yomwe. Pa nthawi ya Freddy, ku Chilobwe ndi kwa Ntauchira ku Chiradzulu chinapha anthu ambiri n'chakuti nyumba zinali m'njira ya madzi. Khwawa lililonse lotsika m'phiri lomwe lili ndi miyala ikuluikulu yobulungira m'munsi mwake likukuuzani kuti napolo anadutsapo kale. Pamenepo si pomanga, ngakhale malowo atchipe bwanji.

Zizindikiro n'zodziwika: ming'alu yatsopano pansi kapena m'makoma, mitengo ndi mapolo kupendekeka, kasupe wamatope kutumphuka pomwe panalibe, kugunda ngati galimoto yaikulu kumtunda. Choopsa kwambiri ndi mtsinje kuphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati. Ndiye kuti watsekeka kumtunda ndipo uphulika. Pothawa musatsike ndi khwawa, thawirani cham'mbali, mukwere pamsana pa chitunda.

Wakumudzi_Thondwe

Zikomo agogo ndi a Wazanyengo, tsopano zayamba kumveka. Koma funso la kumunda lija likadalipo. Mbewu yakwera mtengo, kubzala kawiri ndi kulira.

Mlangizi_Mayi

Bambo, cholakwika chachikulu ndi kubzala ndi mvula yoyamba chifukwa choti anzanu ayamba. Chizimalupsa chimanyowetsa pamwamba pokha, mbewu imamera, kenako dzuwa la milungu iwiri n'kuiwotcha. Dikirani mvula yofika mamilimita 25 kapena kuposa m'masiku awiri kapena atatu. Kuyeza n'kosavuta: tengani chitini chowongoka, kukamwa ndi pansi kofanana, muchikhazike pamtengo wodula pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse pisani rula, lembani, khuthulani. Botolo la kukamwa kopapatiza limanamiza. Ngati chitini palibe, kumbani ndi khasu pamzere: chinyezi chifike kutalika kwa chikhatho chonse, ndipo dothi likafumbatidwa ligwirane. Mufunsenso alangizi za ulosi wa dzinja wa boma lanu, womwe a nthambi ya zanyengo amatulutsa mvula isanayambe.

Chimanga chimaopa ng'amba kwambiri pa nthawi yomasula ndi kutulutsa ndevu. Madzi akasowa, ngayaye zimatuluka koma ndevu zimachedwa, ufa wa ngayaye n'kutha ndevu zisanafike. Kukatentha kupitirira madigiri 35 ufawo umafanso. Zotsatira zake ndi chitsononkho cha njere zowerengeka ngakhale phesi likuoneka lobiriwira. N'chifukwa chake si bwino kubzala mtundu umodzi munda wonse. Mbewu yocha msanga ngati Kanyani imatha pafupifupi miyezi inayi, pomwe Njobvu imafuna pafupifupi isanu. Zikamasula nthawi zosiyana, ng'amba imodzi siingaphe zonse. Kumadera otentha ngati Balaka, Chikwawa ndi Nsanje, mbewu yochedwa ndi juga. Gawo lina la munda lipite ku mapira, chinangwa, mbatata kapena khobwe, ndipo nandolo alowe m'chimanga momwemo poti mizu yake imatsika kukafuna madzi pansi.

Kenako kolola madzi. Mizere italikirane masentimita 75, mapando 25, njere imodzi paphando. Koma zonsezi n'zachabe ngati mizere ikutsetsereka. Yambani ndi akalozera, mizere yotsogolera yomwe imapingasa malo otsetsereka. Zida zake ndi ndodo ziwiri zofanana, chingwe cha mamita 10 ndi kalevulo kopachika pakati pa chingwe. Pamalo otsetsereka kwambiri chingwe chikhale cha mamita 5. Mmodzi amaima, wina amasuntha ndodo kukwera kapena kutsika mpaka kathovu kakhale pakati, n'kukhoma chikhomo. Mizere yonse itsate kalozerayo. Pakalozera bzalani vetiva mvula itakhazikika, timaphata totalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mukasiya mipata, madzi amasonkhana pampatapo n'kuboola, chigwembe chimayambira pomwepo.

M'makwalala ikani ngonyeka pa mamita awiri aliwonse, ndipo zikhale zofupikirapo kuposa mzere weniweni, kuti madzi akadzaza adumphe ngonyeka osati kudula mzere. Chenjezo: pa dothi la makande kapena kudambo, chaka cha mvula yambiri ngonyeka zimamiza chimanga, chimachita chikasu. Zikatero zitsegulani. Mapesi musatenthe, yalani m'munda. Ambiri amaopa chiswe, koma chiswe chikapeza zouma pansi chimayamba ndi zomwezo. Vuto lenileni la mapesi ndi moto wa osaka mbewa ndi ziweto zongoyendayenda, ndipo limeneli munthu mmodzi sangalithe popanda lamulo la amfumu.

Feteleza wa urea musathire panthaka youma ngakhale nthawi yothira yakwana. Amauluka ngati mpweya, ndipo wina amawotcha mizu. Dikirani chinyezi, bayani kabowo pakati pa mapando, thirani, kwirirani. Ndipo nthawi ya ng'amba muziyendera munda kawiri pa sabata kusuzumira m'nsonga, chifukwa ntchemberezandonda zimaswana msanga kukatentha, ndipo mankhwala amagwira bwino mbozi zikadali zazing'ono.

Wamalamulo_LL

Ndiyankhe mbali ya "atilipire" ija, chifukwa ndi yoona ndipo ili ndi manambala ake. Kafukufuku wa boma pambuyo pa Freddy anapeza kuti zowonongeka ndi zotayika zinapitirira madola 500 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso kumafuna pafupifupi 680 miliyoni. Anthu oposa 650,000 anasowa pokhala. Thumba lolipira zowonongeka ndi zotayika linavomerezedwa ku msonkhano wa mayiko wa zanyengo wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo ku COP28 ku Dubai mu 2023 mayiko analonjeza pafupifupi madola 700 miliyoni. Ndalama ya mayiko onse osauka pamodzi inangofanana ndi zomwe namondwe mmodzi anafuna ku Malawi kokha. Scotland ndi yomwe inayamba kulonjeza ndalama zoterezi, mapaundi 2 miliyoni ku Glasgow mu 2021, ndipo thandizo lake lina linafika ku Nsanje. Ku Baku mu 2024 anagwirizana za madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035, koma zambiri mwa ndalama za nyengo zimabwera ngati ngongole, zomwe kwa dziko lomira kale m'ngongole ndi katundu winanso.

Pali chinthu china chomwe chimandipweteka kwambiri. Akatswiri a World Weather Attribution aja atafufuza mvula ya namondwe Ana mu 2022 anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaiwonjezera, koma analephera kunena kuti ndi mlingo wanji, chifukwa ku Malawi kunalibe malo oyezera mvula okhala ndi kaundula wokwanira wa zaka zambiri m'dera lokhudzidwalo. Mlandu wopanda umboni ndi wovuta kuwina. Kukonza malo oyezera nyengo, kulipira owerenga ndi kusunga kaundula ndi ntchito yathu, siidikira COP. Chimodzimodzi lamulo la za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023, lomwe limalola boma kuletsa anthu kukhala m'malo oopsa. Kusamutsa munthu osamupatsa munda, madzi ndi sukulu kumene akupitako kumangomubwezera kuchigumula chaka chotsatira.

Wazanyengo

Pa chitini cha mayi mlangizi chija ndiwonjezere pang'ono. Muziwerenga nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, 8 koloko m'mawa, ndipo mvulayo muilembe pa tsiku la dzulo. Tsiku lomwe sinagwe lembani 0, musasiye mpata, chifukwa mpata sudziwika ngati kunalibe mvula kapena munthu anaiwala. Rula yambiri ili ndi kampata kumapeto nambala isanayambe, ndiye kaduleni kapena muzikawonjezera powerenga. Sukulu kapena kalabu ya alimi ikasunga kope lotere zaka zisanu, mudziwa milungu yomwe ng'amba imakonda kugwa m'mudzi mwanu, ndipo tsiku lobzala mudzalisankha kuti chimanga chisamasule m'milungu imeneyo.