Phokoso la usiku ndi getsi lowalira m'chipinda: tikadandaule kuti?

Mayi wa ku Area 25:
Abale anga, ndikupempha nzeru. Pafupi ndi nyumba yathu patsegulidwa malo omwera mowa amene amakhala akuliza nyimbo mpaka tambala woyamba, ndipo mwini wake wakhoma getsi lamphamvu lomwe kuwala kwake kumalowa m'chipinda cha ana, moti mwana wanga amene akukonzekera mayeso a MSCE sakugona mokwanira. Kodi malamulo amatiteteza bwanji?

Bambo wa ku Chilomoni:
Pepani kwambiri mayi. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'madera awo, ndipo chiphaso chogulitsira mowa chimachokera kukhonsolo komweko. Choncho lembani kalata ku Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe, musayinitse anansi anu, ndipo mutchulemo masiku ndi maola amene phokosolo limachitika, chifukwa dandaulo la anthu ambiri limamveka msanga kuposa la munthu mmodzi. Apolisi angathenso kulowererapo, pakuti kusowetsa anthu mtendere ndi mlandu.

Agogo a ku Zomba:
Mwanawe, yambani mwakaonana ndi amfumu a m'dera lanu. Za getsilo, eni nyumba ambiri amaliika poopa akuba, ndiye kuwauza kuti alizimitse adzakana ndithu. Apempheni aliweramitse kuti liziwalira pabwalo pawo pokha.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Loweruka likubwerali ndikaonana ndi amfumu, kalata ili m'manja.