Patupanso pamalo a opaleshoni ya hernia nditabwerako ku India: kodi nthenda yabwerera?

Mlimi wa ku Mchinji analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumawerenga pano, makamaka azachipatala ndi aliyense amene anachitidwapo opaleshoni ya hernia, chotupa chimene chimabwera matumbo akatulukira pamalo ofooka a minofu ya pamimba. Ndine bambo wa zaka 57, ndimalima chimanga ndi soya, ndipo nthenda imeneyi ndakhala nayo nthawi yaitali. Zaka 6 zapitazo anandichita opaleshoni konkuno mbali ya kumanja, pongosoka minofu, koma patatha zaka zitatu chotupa chinabwereranso, ndipo chaka chatha china chinayamba kuonekera m'mphechepeche mwa kumanzere. Ana anga atakambirana anasonkha ndalama n'kunditumiza ku Mumbai, ku India, kumene madokotala anakonza mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, osang'amba pamimba koma kungoboola timabowo titatu n'kulowetsa kamera, kenako n'kuyala mkatimo kansalu konga ukonde kamene iwo amakatchula kuti mesh.

M'chipatala ndinagona usiku umodzi wokha. Ndinakhalanso masiku 8 ku nyumba ya alendo yapafupi, dokotala anandiona komaliza n'kundilola kukwera ndege, ndipo ndinabwerera kudzera ku Addis Ababa mpaka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe. Lero ndi tsiku la 19 chichitikireni opaleshoniyo.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi chakuti mbali ya kumanja, pamalo enieni pamene panali chotupa chakale, patupanso ngati dzira la nkhuku. Sipakupweteka kwenikweni, thupi silikutentha, ndikudya bwino, koma ndikagona chagada chotupachi sichibwerera mkati monga chinkachitira chakale chija. Ndinatumiza chithunzi pa WhatsApp kwa amene amathandiza odwala ochokera kunja kuchipatalako, iye n'kungoyankha kuti zimachitika ndipo ndisade nkhawa, koma yankho lalifupi chotero silinandikhazike mtima pansi, poganizira ndalama zimene ana anga anataya. Kodi n'zotheka kuti ukonde uja unasuntha tsiku limene ndinanyamula chikwama pa bwalo la ndege? Funso lachiwiri ndi la ntchito. Mvula yayandikira, matumba a feteleza ayenera kufika kumunda, ndipo ine ndimayenda pa njinga yamoto mumsewu wafumbi wa mabampu okhaokha. Ndidikire mpaka liti? Ndiulule kuti ndikuchitanso manyazi kupita ku chipatala cha boma, poopa kuti akandiuza kuti ndibwerere komwe ndinakachitidwa opaleshoniko.

Wogwira ntchito ku fiyeta (chipinda chochitira opaleshoni) anayankha:

Bambo, ine ndine clinical officer ndipo opaleshoni za hernia ndimazichita pa chipatala china cha boma, choncho ndiyambe ndi manyazi anuwo, chifukwa ndi amene angakupwetekeni kuposa chotupacho. Pitani ku chipatala sabata ino. Wodwala amene anachitidwa opaleshoni kunja ndi wodwala wathu ndithu akangofika kuno, ndipo chithunzi cha pa foni sichingalowe m'malo mwa dzanja la munthu wogwira pamalopo, kukuuzani kuti mutsokomole, n'kumva ngati chotupacho chikukankha chala chake kapena ayi.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, chimene ndikuganizira choyamba ndi madzi odikha pamalo a opaleshoni, amene ife timati seroma. Hernia ikakhala zaka zambiri imapanga thumba lake, ndipo matumbo akabwezeredwa m'mimba n'kutseka bowo ndi mesh, mpata umene thumbalo linali umatsala wopanda kanthu, ndiye thupi limadzazamo madzi. N'chifukwa chake chotupa chatsopanocho chimaonekera pamalo enieni a chakale, n'kumaopseza wodwala kuti nthenda yabwerera. Zimenezi n'zofala pambuyo pa opaleshoni ya kamera, makamaka pamene hernia inali yaikulu kapena yobwereza ngati yanuyo. Mfundo yakuti mukagona chagada sichilowa mkati, komanso kuti sichipweteka, ikugwirizana ndi madzi, koma amene angatsimikize ndi wokupimani, ndipo ngati pali kukayika sikani ya ultrasound imasiyanitsa madzi ndi matumbo mosavuta. Madziwa nthawi zambiri amauma okha pakatha masabata angapo, mwina miyezi iwiri kapena itatu. Musalole kuti aliyense abaye pamalopo ndi jakisoni n'cholinga chopopa madziwo popanda dokotala wa opaleshoni kulamula, chifukwa singano ikhoza kulowetsa tizilombo mpaka pa mesh, ndipo mesh ikagwidwa ndi tizilombo nthawi zina imayenera kuchotsedwa, yomwe ndi opaleshoni yovuta kuposa yoyamba ija. Musatemerepo mphini, ndiponso musathowepo ndi madzi otentha kwambiri.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira kuti kuche. Chotupa chikalimba n'kuyamba kupweteka koopsa, inu n'kumasanza, mimba n'kufufuma, osatha kupita kuchimbudzi kapena kutulutsa mpweya, ndiye kuti mwina thumbo lapanika, ndipo pamenepo ola lililonse ndi lofunika. Chimodzimodzi pamalopo pakafiira n'kumatentha, kapena timabowo tija tikayamba kutuluka mafinya. Thupi likatentha musangoganiza kuti ndi malungo n'kukagula mankhwala ku golosale: kayezetseni magazi, ndipo muwauze achipatala kuti munagonekedwa m'chipatala ku India, chifukwa m'zipatala za kumeneko muli tizilombo tina tosamva mankhwala amene timapereka kawirikawiri, choncho ngati pali mafinya ndi bwino kuwatumiza ku labotale tisanasankhe mankhwala.

Za chikwama cha pa bwalo la ndege musadziimbe mlandu kwambiri, pakuti mesh ya opaleshoni ya kamera imakhala yotakata ndipo imayalidwa kuseri kwa minofu, moti kunyamula kamodzi sikuisuntha wamba. Koma thumba la feteleza la makilogalamu 50 ndi nkhani ina. Madokotala ambiri amalangiza kupewa katundu wolemera kwa masabata anayi mpaka 6, ndipo kwa inu amene munakonzedwa mbali ziwiri, ina yobwereza, ine ndinganene kuti mukwanitse masabata 6 onsewo, kenako muyambe pang'onopang'ono. Kuyenda pansi yambani lero lomwe, tsiku lililonse, mtunda umene thupi likulola. Njinga yamoto idikire kaye mpaka chotupacho chitapimidwa, ndipo mudzakwere pokhapokha mutaona kuti mukhoza kuponda buleki mwadzidzidzi kapena kuichirikiza ndi mwendo osamva kupweteka.

Mayi wa ku Chilomoni anayankha:

Pepani bambo ndi nkhawa imeneyi. Yanga inali hernia ya pachipsera cha opaleshoni yobereka, ndipo anandichita ku Johannesburg kumene mchemwali wanga amagwira ntchito. Ine ndikufuna ndiwonjezere za ulendo, chifukwa vuto langa silinachokere pa bala koma pa mwendo.

Pofuna kupulumutsa ndalama ndinabwerera pa basi patangotha masiku 12, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, ulendo wopitirira tsiku lathunthu munthu uli chikhalire pampando. Madzi ndinkamwa pang'ono dala poopa kuvutika ndi chimbudzi panjira. Patatha masiku anayi ndili kunyumba, katumba wa mwendo wakumanzere anatupa n'kumapweteka ngati ndamenyedwa, ndipo ine ndinkangoti ndi kutopa kwa ulendo, mpaka mwana wanga anandikakamiza kupita ku chipatala kumene anapeza kuti magazi aundana mumtsempha. Ndinamwa mankhwala osungunula magazi miyezi itatu. Anandiuza kuti opaleshoni payokha imachititsa magazi kuundana msanga kwa masabata angapo, ndiye ukaphatikiza ndi kukhala malo amodzi maola ambiri chiopsezo chimakula, ndipo chibuma cha magaziwo chikathothoka n'kupita ku mapapo munthu akhoza kufa. Inuyo mwakwera ndege ziwiri zazitali masiku 10 apitawo, choncho yang'anani miyendo yanu yonse iwiri moyerekeza, ndipo mukangomva kubanika kapena kubaya pachifuwa musazengereze.

China ndi kudzimbidwa. Mankhwala amphamvu oletsa ululu monga tramadol amalimbitsa chimbudzi, ndipo kudzikakamiza kuchimbudzi kumapanikiza pamalo a opaleshoni mofanana ndi kunyamula katundu. Apongozi anga, mwa chikondi chawo, ankandipatsa phala lokhalokha ponena kuti nsima ing'ambula bala, koma chimene chinandithandiza ndi kubwerera ku chakudya chathu cha masiku onse: nsima ya mgaiwa, bonongwe, nkhwani, nyemba, mapapaya akupsa ndi madzi ambiri. Ntchito zimene ndinasiya kwa miyezi iwiri ndi kusinja, kupukusa mjigo ndi kusenza ndowa, ngakhale kuti anthu ena pakhomo anayamba kundiona ngati waulesi popeza kunja ndinkaoneka wabwinobwino. Inu zikhoza kukuvutani koposa, chifukwa timabowo titatu sitioneka ngati opaleshoni yaikulu kwa amene akukuyang'anani.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dowa anayankha:

Achimwene, ine ndiyankhula monga mnzanu wa msinkhu umodzi amene anachitidwa opaleshoni yomweyi pa chipatala cha mishoni konkuno, zaka 9 zapitazo, ndipo mpaka lero ndikugwira khasu. Sindikunena izi pofuna kunyoza ulendo wanu, pakuti hernia yobwereza ya mbali ziwiri si yofanana ndi yangayo, ndipo ana anu anachita zimene ana abwino amachita. Ndikungofuna owerenga ena adziwe kuti opaleshoni ya hernia imachitika m'zipatala zathu za m'maboma, za mishoni, komanso ku Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba ndi Mzuzu, kuopa kuti wina angakhale ndi chotupa zaka zambiri akudikira ndalama za ndege. Kumudzi kutupa kulikonse kwa kumusiku timangoti phudzi n'kumabisa, pamene kwina kumakhala madzi chabe, kwina matumbo otsika, ndipo kubisako ndi kumene kumafikitsa anthu ku chipatala usiku matumbo atapanika kale.

Funso limene sindinaone likufunsidwa ndi lakuti n'chifukwa chiyani yoyamba ija inabwerera. Mwina kusoka kopanda mesh kunalephera, koma mwinanso pali chinachake chimene chimakankha pamimba panu tsiku ndi tsiku. Ine dokotala wanga anandifunsa zinthu zitatu asanandigoneke patebulo: ngati ndimasuta fodya, ngati ndili ndi chifuwa chosatha, ndiponso ngati ndimavutika pokodza. Amuna a zaka zathuzi ambiri prostate, kachiwalo kozungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo, imakula, mkodzo n'kumatuluka mochita kukakamiza, ndipo kukakamiza kumeneko usiku ndi usana kumafooketsa pamene pakonzedwa. Ngati chimodzi mwa zimenezi chikukukhudzani, mukachinene tsiku lomwelo mukupimitsa chotupacho.

Popita mutenge mapepala onse a ku Mumbai, osati kalata yotulutsira m'chipatala yokha. Pemphani kuti akutumizireni lipoti la opaleshoni yeniyeniyo, lofotokoza njira imene anagwiritsa ntchito ndi mtundu wa mesh imene anaika, ndipo achipatala akuno alembe mwachidule m'buku lanu la kuchipatala, chifukwa wokuchitani opaleshoni ina iliyonse ya pamimba m'tsogolo adzafunika kudziwa kuti mkatimo muli chiyani. Za feteleza, ku Mchinji ngolo sizisowa, ndipo mtengo wa ngolo ndi aganyu awiri sungafike ngakhale pa mtengo wa tayala la ndege imene munakwera.

Mlimi wa ku Mchinji analembanso:

Ndikuthokoza nonse atatu. Dzulo mwana wanga wamkazi anandiperekeza ku chipatala pa galimoto, ndipo palibe amene anandinyoza, koma anangondifunsa chifukwa chimene ndinachedwera kubwera. Atandipima chiimire ndi chigonere, n'kundiuza kuti nditsokomole, ananditumiza ku sikani, kumene kunaoneka kuti ndi madzi ndithu ndipo matumbo ali m'malo mwake. Andiuza kuti asapopedwe, ndivale kabudula wamkati wogwira bwino, ndipo ndibwerenso pakatha masabata anayi, kapena msanga ngati patafiira kapena thupi litatentha. Miyendo anaiyang'ana, ili bwino.

Achimwene a ku Dowa, munalasa pomwepo. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikudzuka katatu kapena kanayi usiku kukataya madzi, ndipo ndimachita kukakamiza, koma sindinaganizepo kuti zimenezi zikukhudzana ndi hernia, moti ngakhale ku Mumbai sindinazitchule. Andipatsa tsiku lokapimitsa prostate sabata ya mawa. Lipoti la opaleshoni ndalipempha kudzera pa imelo ya mwana wanga ndipo ndikudikira yankho. Ngolo ndapeza kale, inyamula matumba Loweruka, ine ntchito yanga ikhala yowerenga ndi kuloza poika. Chimene ndinaiwala kufunsa kuchipatala, ndipo mwina a ku fiyeta angandithandize, ndi chakuti kubzala mowerama tsiku lonse kumawerengedwa ngati ntchito yolemetsa kapena ayi, chifukwa mvula ikagwa masabata 6 aja asanakwane zindivuta kukhala pakhonde ena ali kumunda.