Ndithandizeni: mbeta ya m'nkhani yanga ikakwatiwa, malo ake atani?

Anzanga okonda kuwerenga, ndikulemba nkhani yachikondi yochitikira ku Nebraska, m'dziko la America, m'chaka cha 1873, ndipo pali pamene ndaima.

Mkazi wa m'nkhaniyi ndi mbeta ya zaka 24 yomwe yatenga malo potsatira lamulo la Homestead Act la 1862. Lamulolo linkapereka maekala 160 kwa munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo, ngakhale mkazi wosakwatiwa, bola akhalepo ndi kulimapo zaka zisanu. Kuderako mitengo inali yosowa, ndiye amagona m'nyumba ya zibuma zodula pansi ndi udzu wake womwe, ndipo amaphikira ndowe zouma. Mnyamata amene wamudya mtima ali ndi malo ake pafupi, nayenso zaka zisanu sizinakwane.

Funso langa nali: awiriwa akakwatirana m'chaka chachitatu, kodi aliyense angasungebe malo ake, poti mwini ankayenera kumagona pamalopo? Kapena ayenera kudikira? Ndikufuna kudikirako kukhale pagona nkhani yonse, koma sindikufuna kunamiza owerenga.

Chinanso chikundisautsa mumtima. Dera limene ndasankhalo linali la anthu a mtundu wa Pawnee, eni nthaka akuderako, omwe ankasamutsidwira ku Indian Territory (dera limene boma linapatulira mitundu ya eni nthaka) m'zaka zomwezo. Ndiwalowetse bwanji m'nkhaniyi mwaulemu, osangowatchula modutsa?