Thandizeni: kujambula mbalame ku Chia ndi ku Nkhotakota

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Salima ndipo ndangoyamba kumene kujambula mbalame. Kamera ndi yogula kwa munthu, lenzi yake ndi ya 70-300mm.

Loweruka lapitali ndinalawirira ku Senga Bay. Nkhwazi inatera pamtengo pafupi kwambiri, mpaka ndinkaona mphepo ikutukula nthenga zoyera za pakhosi pake. Inapendeketsa mutu chagada n'kulira, ine n'kudina. Kufika kunyumba, chithunzi chonse chakuda bii, mbalame ngati chipsepse cha makala, kumwamba kokha ndiye kowala. Akakowa nawo akutuluka oyera mbee, nthenga osaoneka n'komwe. Ndikulakwitsa pati? Ndileke kugwiritsa ntchito auto (pomwe kamera imadzitchera yokha), kapena vuto ndi kuima moyang'anana ndi dzuwa? Poti kuno dzuwa limatulukira kunyanja, m'mawa limakhala kumaso kwenikweni.

Funso lina: Okutobala akubwerayu ndikufuna ndipite ku Chia Lagoon, nthawi imene anamzeze ochokera ku Ulaya amayamba kufika mvula isanagwe. Amene munapitako, kodi asodzi amavomera kukutengani pabwato, ndipo mumawapatsa zingati? Ndikuopa kamera kunyowa, kusambiranso sindidziwa.

Ndikulingaliranso zolowa m'nkhalango ya Nkhotakota, yomwe a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks akuyang'anira kuyambira 2015, kukaona mbalame za m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Koma ndi njovu pafupifupi 500 zimene anasamutsira kumeneko mu 2016 ndi 2017, amalola kuyenda wapansi ndi mlonda, kapena n'zapagalimoto basi? Ine ndili ndi njinga yamoto yokha.